6 July: tsiku lomwe Kamuzu adalisandutsa lake

July ndi mwezi wa chisanu. Chimanga chimakhala chalowa m'nkhokwe, fodya ali ku okushoni, ndipo ku Thyolo ndi ku Mulanje chiperoni chimatha masiku angapo osaleka. M'kati mwa chisanu chimenechi muli tsiku lomwe ngakhale mwana wa Sitandade 3 amalidziwa pamtima, la 6 July.

Tsikuli lili ndi mbiri yake kumaiko enanso. Pa 6 July 1885, katswiri wa ku France, Louis Pasteur, adayesa koyamba katemera wa chiwewe pa mwana wa zaka 9 yemwe adalumidwa ndi galu, ndipo mwanayo adapulumuka. Pa 6 July 1967 nkhondo ya Biafra idabuka ku Nigeria. Pa 6 July 1975 zilumba za Comoros zidalengeza kuti zachoka m'manja mwa dziko la France. Zimenezi zidangokumana pa tsiku limodzi mwangozi.

Za kuno ku Malawi ndi zina. Zinthu zinayi zikuluzikulu zidachitika pa 6 July, m'zaka za 1958, 1964, 1966 ndi 1971, ndipo zonsezo zikukhudza munthu mmodzi, Dr Hastings Kamuzu Banda. Choyamba chokha ndicho chidangogwera pa tsikuli. Zitatu zinazo zidaikidwapo dala.

Kamuzu adabadwira ku Kasungu. Boma lake linkati adabadwa pa 14 May 1906, koma akatswiri a mbiri yakale amati adabadwa cha m'ma 1898. Bambo ake adali Mphonongo Banda, mayi ake Akupingamnyama Phiri. Dzina loti Kamuzu akuti lidabwera chifukwa mayi akewo adayamba amwa mankhwala a mizu kuti akhale ndi pakati. Loti Hastings adalitenga pobatizidwa, potengera mmishonale wina wa ku Scotland.

Sukulu adayambira pansi pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, kenaka n'kupita ku mishoni ya Chilanga komwe malume ake, Hanock Msokera Phiri, ankaphunzitsa. Kumeneko ndiko kudachitikira kanthu kakang'ono komwe kadatembenuza moyo wake. Cha m'ma 1915, pa mayeso olowera maphunziro a uphunzitsi, mnyamatayu, yemwe adali wamfupi, adaimirira kuti aone bwino pabolodi. Woyang'anira mayesowo, mbusa Thomas Cullen Young, adaganiza kuti akuonera za mnzake ndipo adamutulutsa. Posakhalitsa Kamuzu adauyatsa wapansi kulowera kummwera. Patatha zaka zambiri, anthu awiri omwewa adakumananso ku Britain n'kukonzera limodzi buku lotchedwa Our African Way of Life, lomwe lidatuluka mu 1946.

Ntchito yake yoyamba idali yosesa pa chipatala cha Hartley, komwe lero ndi ku Chegutu m'dziko la Zimbabwe. Mu 1917 iye ndi malume ake aja adapitirira ku South Africa. Adagwirako ntchito pa mgodi wa malasha ku Dundee, kenaka adakhala kalaliki pa mgodi wa golide ku Boksburg, kufupi ndi Johannesburg. Mpingo wa African Methodist Episcopal, womwe adalowa ali komweko, ndiwo udamutsegulira njira ya ku America mu 1925.

Ku America adakhalako zaka zoposa 10. Sekondale adamalizira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, digiri yoyamba adaipeza ku yunivesite ya Chicago mu 1931, ndipo udokotala adaumaliza mu 1937 pa sukulu ya Meharry ku Nashville. Ali ku Chicago adathandiza katswiri wa zilankhulo, Mark Hanna Watkins, kulemba buku la malamulo a Chichewa. Popeza mapepala a ku America sakadamulola kugwira ntchito m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, adawolokera ku Edinburgh komwe adapambana mayeso ena mu 1941. Kumeneko adasankhidwanso kukhala mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, udindo womwe ankaunyadira mpaka ukalamba wake.

Mtima wake udali wobwerera kumudzi kudzachiza anthu. Koma Nyasaland wa nthawi imeneyo sadali wokonzeka kulandira dokotala wakuda woti manesi achizungu azimumvera. Choncho adakhazikika ku England, poyamba ku Liverpool, kenaka ku North Shields, ndipo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha adatsegula chipatala chake mumzinda wa London. Odwala ake ambiri adali azungu ndipo ankamukonda. Suti yakuda ndi chipewa zomwe Amalawi adadzamudziwa nazo zidayambira kumeneko.

Ndale adazilowa ali kutali. Ankatumiza ndalama ndi malangizo ku chipani cha Nyasaland African Congress chomwe chidakhazikitsidwa mu 1944, adakhala nawo pa msonkhano waukulu wa anthu akuda ku Manchester mu 1945, ndipo adadziwana ndi Kwame Nkrumah komanso Jomo Kenyatta. Nkhondo yake yaikulu idali yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe anthu kuno ankachiona ngati njira yowapereka m'manja mwa azungu a ku Salisbury. Nkhondoyo adagonja, chitaganya chidakhazikitsidwa mu 1953. Chaka chomwecho dzina lake lidatchulidwa pa mlandu wothetsa banja la mayi wina wachizungu yemwe ankagwira ntchito pa chipatala chake, ndipo Kamuzu adasamukira ku Kumasi m'dziko la Gold Coast, lomwe pano ndi Ghana. Ambiri adaganiza kuti nkhani yake yathera pomwepo.

Omwe adamuitana adali anyamata. Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza adali asanakwanitse zaka 30. Adali ophunzira, olimba mtima, odziwa kulankhula, koma adazindikira kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsatire mwana. Pankafunika munthu wa imvi, wa madigiri, woti ngakhale bwanamkubwa amuope. Chipembere adamulembera makalata omuuza kuti asadzadabwe akadzaona akumukweza ngati mpulumutsi wa dziko, chifukwa ndi zomwe anthu ankafunikira. Anyamatawa ankaganiza kuti mkuluyu adzakhala chithunzi chabe, ntchito yeniyeni n'kumagwira iwo. Kamuzu adavomera, koma adaikapo mfundo yake: ampatse utsogoleri wa chipani ndi mphamvu zodzisankhira yekha anthu ogwira nawo ntchito. Adamupatsa.

Lamulungu pa 6 July 1958, ndege yomwe adakwera idatera pa bwalo la Chileka. Sabata imodzi m'mbuyo mwake khamu lidali litakhamukira kale kumeneko poganiza kuti afika tsiku limenelo, n'kubwerera lokhumudwa. Akadafika tsiku loyambalo, bwenzi lero dziko lino likukumbukira deti lina. Munthu yemwe adatsika m'ndegemo adali atakhala kunja zaka zoposa 40. Abale ake ambiri adali atamwalira. Yemwe adathandiza kulemba malamulo a Chichewa uja tsopano ankalankhula Chingerezi chokhachokha, wina n'kumamasulira, ndipo zidakhala choncho moyo wake wonse. Apa ndi pomwe padamera mphekesera, yomwe ena amainong'onabe, yoti Kamuzu weniweni adafera kunja ndipo yemwe adabwerayu adali wina. Akatswiri omwe adafufuza moyo wake saivomereza.

Pa 1 August chaka chomwecho, msonkhano wa Congress ku Nkhata Bay udamusankha kukhala mtsogoleri. Dokotala waulemu wa ku London uja adasanduka wina. Adazungulira dziko lonse akudzudzula chitaganya mosapsatira mawu, ndipo mfuu ya Kwacha idamveka kuchokera ku Karonga mpaka ku Nsanje. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa Robert Armitage adalengeza kuti zinthu zafika poipa m'dziko. Kamuzu adagwidwa m'bandakucha n'kutumizidwa ku ndende ya Gwelo, komwe lero ndi ku Gweru. Anthu oposa 1,000 adatsekeredwa ndipo 51 adaphedwa, ena mwa iwo pa doko la Nkhata Bay. Ili ndilo tsiku la anthu ofera dziko lomwe limakumbukiridwa chaka ndi chaka.

M'ndendemo adakhalamo miyezi 13 pamodzi ndi Chipembere komanso Dunduzu ndi mkulu wake Yatuta Chisiza. Pambuyo pake ankakonda kunena kuti ndi mmenemo momwe adalotera zinthu zitatu: kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, kumanga yunivesite, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Iye ali m'ndende, Orton Chirwa ndi Aleke Banda adayambitsa chipani cha Malawi Congress Party m'malo mwa Congress yomwe idaletsedwa, ndipo atatuluka pa 1 April 1960 Chirwa adamupatsa mpando mosanyinyirika. Pa chisankho cha mu August 1961 chipanichi chidasesa. Pa 1 February 1963 Kamuzu adakhala nduna yaikulu, ndipo pa 31 December chaka chomwecho chitaganya chidafa.

Pofika posankha tsiku la ufulu, deti lomwe lidatuluka lidali 6 July 1964, tsiku lokwanitsa zaka 6 ndendende chiterereni ndege ija pa Chileka. Pakati pa usiku, pa bwalo la masewero ku Blantyre lomwe pambuyo pake lidatchedwa Kamuzu Stadium, mbendera ya Angerezi idatsika ndipo ya dzuwa lotuluka idakwera, mwamuna wa Mfumukazi ya ku Britain, Prince Philip, akuonerera. Pa chimwemwe cha usiku umenewo palibe yemwe adali ndi nthawi yofunsa tanthauzo la detilo. Koma uthenga wake udali poyera: mbiri ya Malawi ikuyambira tsiku lomwe Kamuzu adafika. John Chilembwe, Levi Mumba, James Sangala ndi ena onse omwe adalambula njira adakankhiridwa kumbuyo kwa chithunzi.

Chikondwererocho sichidathe miyezi iwiri. Nduna zidali ndi madandaulo. Boma lidakhazikitsa tiki, ndalama ya mapeni atatu, yoti munthu azilipira akapita ku chipatala cha boma. Lipoti la Skinner lidasiya Amalawi ogwira ntchito m'boma akulandira zochepa poyerekeza ndi azungu, ndipo maudindo akuluakulu adali akadali m'manja mwa azunguwo. Kamuzu ankafuna ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique, pomwe nduna zinkafuna kuima ndi maiko ena a mu Africa omwe ankalimbana ndi utsamunda. Koma chomwe chidawawa kwambiri chidali khalidwe lake. Ankagamula nkhani za maunduna awo osawafunsa, ndipo pamisonkhano ankawatchula kuti anyamata ake, anthu a mabanja awo ndi madigiri awo.

Kumapeto kwa August ndunazo zidamuuza maso ndi maso. Kamuzu adaoneka ngati wamva, koma pa 7 September 1964 adachotsa Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi, pamodzi ndi Rose Chibambo, mayi yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya K200. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi udindo, ndipo Chipembere, yemwe adali ku Canada, adachita chimodzimodzi atangofika. Nyumba ya Malamulo idaima ndi Kamuzu. Dunduzu sadazione zimenezi, adali atafa pa ngozi ya galimoto pa Thondwe mu 1962.

Mathero a anyamata aja ndi omvetsa chisoni. Mu February 1965 Chipembere adatsogolera gulu la anthu kulanda boma la Fort Johnston, lomwe pano ndi Mangochi, koma ulendo wawo wa ku Zomba udathera pa Liwonde, pomwe adapeza pantoni ili tsidya lina la Shire. Adathawira kunja ndipo adamwalira ku America mu 1975. Yatuta adaphedwa ndi asilikali mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti kudzera ku Mwanza. Chiume adakhala ku Tanzania zaka 30. Orton Chirwa adagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu December 1981 ndipo adafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Yemweyo amene adamusungira mpando.

Pa 6 July 1966 dziko la Malawi lidakhala lipabuliki. Bwanamkubwa womaliza, Glyn Jones, adanyamuka, ndipo Kamuzu adakhala pulezidenti. Malamulo omwe adayamba kugwira ntchito tsiku limenelo ndi omwenso adanena kuti m'dziko muno muzikhala chipani chimodzi chokha. Pa 6 July 1971 adalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wamuyaya. M'zaka 13 zokha, deti lomwe lidayamba ndi anthu kulandira mtsogoleri yemwe adamuitana okha lidafika pouza anthu omwewo kuti sadzasankhanso wina.

Kunena kuti sadachite kanthu kungakhale kunama. Maloto a ku Gweru aja adawakwaniritsa. Yunivesite ya Malawi idatsegulidwa mu 1965, likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo msewu wa m'mbali mwa nyanja udalambulidwa. Magetsi a pa Nkula, njanji yolumikiza dziko lino ndi doko la Nacala, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi ndi za m'nthawi yake. Ankayendera minda chaka chilichonse, ndipo akuluakulu ambiri amakumbukirabe misika ya Admarc yomwe inkapezeka mpaka kumidzi. Dziko lino lidasunganso anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique. Chichewa chidakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ngakhale kuti chaka chomwecho Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, bala lomwe anthu a kumpoto sadaliiwale.

Komatu chilichonse chidali ndi mtengo wake. Ndalama zoyambira kumanga Lilongwe zidachokera ku boma la tsankho la South Africa, lomwe Kamuzu adapalana nalo ubwenzi mu 1967 n'kukalichezera mu 1971, atsogoleri anzake a mu Africa akuyang'ana kumbali. Admarc inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pa mtengo wotsika, phindu lake n'kumathandiza maesiteti, ndipo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990. Ku Mtunthama, pafupi ndi kachere uja, adamangako Kamuzu Academy mu 1981, komwe ana ochepa osankhika ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi achizungu, pomwe ana ambiri m'midzi ankalephera kupita ku pulayimale chifukwa cha fizi.

Aliyense amene adagulitsapo tomato kapena usipa pamsika m'zaka zimenezo akudziwa za khadi. Pa geti la msika, pa depoti ya basi, nthawi zina ngakhale pa chipatala, anyamata a malaya ofiira ankayamba afunsa khadi la chipani. A Mboni za Yehova, omwe adakana kuligula, adaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 adamenyedwa, kutenthedwa nyumba ndi kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique mwaunyinji. Lamulo la mu 1973 lidaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Munthu ankatha kutengedwa usiku n'kukhala ku Mikuyu kapena ku Dzaleka zaka zambiri osaonekera kukhoti, monga zidamuchitikira mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991. Mu May 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma n'kulengeza kuti idali ngozi ya galimoto.

Chaka ndi chaka, 6 July ndiye adali chimake cha zonsezi. Amayi a mbumba ankasiya mabanja ndi minda masabata angapo kukonzekera magule, n'kunyamulidwa pa malole atavala nsalu za nkhope ya Ngwazi. Ana a sukulu ankayeserera zionetsero m'chisanu cha m'mamawa. M'midzi munkasonkhedwa mazira, nkhuku ndi ndalama za mphatso, ofuna ndi osafuna omwe. Mwini wake ankalowa m'bwalo ataimirira pa galimoto yosatseka pamwamba, litchowa lili m'manja, kenaka n'kulankhula maola angapo, kubwereza nkhani yomweyo ya momwe adabwerera kudzaphwanya chitaganya ndi kupatsa anthu ake ufulu. Ngodya zinayi za chipani, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zinkatchulidwa ngati pemphero.

Chomwe chidagwedeza mpandowo idali kalata. Pa 8 March 1992 mabishopu a mpingo wa Katolika adawerengetsa m'matchalitchi onse kalata yodzudzula umphawi, kusiyana kwa olemera ndi osauka, ndi kutsekera anthu pakamwa. Pa 6 April Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu May ogwira ntchito ku Blantyre adanyanyala, apolisi adapha anthu, ndipo maiko othandiza dziko lino adaimitsa thandizo lawo. Nkhondo ya mawu pakati pa America ndi Russia idali itatha, choncho azungu sadamufunenso mkulu wodana ndi chikomyunizimu uja. Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu 63 pa 100 alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda. Chaka chisanathe, Kamuzu adachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, Nyumba ya Malamulo idachotsa mawu oti wamuyaya, ndipo asilikali adalanda zida a Payoniya pa ntchito yomwe idatchedwa Bwezani.

Pa chisankho cha pa 17 May 1994 Bakili Muluzi adapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana 19. Apa nkhalambayi idachita chinthu chomwe ngakhale adani ake amachiyamikira. Idapita pa wailesi n'kuvomera kugonja zotsatira zonse zisanalengezedwe, ndipo dziko lidasintha boma popanda nkhondo. Mu 1995 adazengedwa mlandu wa imfa za ku Mwanza pamodzi ndi John Tembo ndi ena, koma khoti lidawapeza osalakwa. Mu January 1996 kudatuluka chikalata cha m'dzina lake chopepesa kwa onse omwe adazunzika mu ulamuliro wake.

Adamwalira pa 25 November 1997 pa chipatala cha Garden City ku Johannesburg ndipo adaikidwa ku Lilongwe pa 3 December. Sadasiye mkazi wodziwika. Boma la Muluzi lidali litachotsa dzina lake pa bwalo la ndege, pa chipatala ndi pa bwalo la masewero, koma Bingu wa Mutharika adalibwezeretsa ndipo mu 2006 adatsegula chiliza chachikulu pa manda ake, pafupi ndi pomwe padamangidwa Nyumba ya Malamulo. Nkhope yake ili pa ndalama za K1,000 ndi K5,000.

Pa kalendala ya boma, tsiku lokumbukira Kamuzu ndi 14 May, deti lobadwa lomwe boma lake linkalengeza lija. Pa 6 July palembedwa kuti ndi tsiku la ufulu wodzilamulira, popanda dzina la munthu.